Dengu la Masuku ndi Mtima Woyamika

Ikakwana nthawi ya maumboni m'Sukulu ya Sabata, kawirikawiri amene amaimirira ndi mbale amene wapulumuka pa ngozi ya galimoto, mlongo amene wachira nthenda yaikulu, kapena kholo limene mwana wake wasankhidwa kupita ku yunivesite. Mpingo umayankha ndi ameni wamphamvu, ndipo kutero n'koyenera. Koma ambiri a ife timangokhala chete pa benchi, chifukwa m'mlungu wathu simunachitike kanthu kotere. Tinadzuka, tinagwira ntchito, tinadya, tinagona. Mwezi umatha chomwecho, nyengo yathunthu n'kudutsa popanda chachilendo.

Apa pali funso limene wophunzira aliyense ayenera kulilingalira mofatsa. Kodi masiku wamba otere ndi opanda kanthu pamaso pa Mulungu? Ndipo kodi munthu amene akudikira kubweranso kwa Yesu, amene amadziwa kuti dziko lino lidzapita, ali nawo ufulu wokondwera ndi zinthu zazing'ono monga chipatso chakupsa, mthunzi wa mtengo ndi chikho cha madzi ozizira?

Chilimwe cha mu Mzuzu

Tisanayankhe, tiyeni tiyambe taziona zinthuzo. Mzinda wa Mzuzu uli pamtunda, ndipo umadziwika ndi nkhungu, mvula yowaza ndi chisanu cha mu Juni ndi Julaye. N'chifukwa chake chilimwe, chimene abale athu olankhula Chitumbuka amachitcha chihanya, chimalandiridwa kuno ngati mlendo wokondedwa. Pofika Seputembala majuzi amapindidwa. Zovala zochapidwa m'mawa zimauma dzuwa lisanafike pamutu. Ku Chibavi, ku Mchengautuwa ndi ku Zolozolo anthu amaumba njerwa ndi kukonza madenga mvula isanabwere. M'nkhalango ya Kaning'ina mitengo ya miombo imaphuka masamba ofiira ngakhale kuti dontho la mvula silinagwe, popeza mizu yake imatunga chinyezi chobisika pansi. Mu Okutobala nyenje zimalira usana wonse. Madzulo ana amachedwa kulowa m'nyumba, akuluakulu nakhala pakhonde kucheza ndi oyandikana nawo.

Ku msika nako nyengo imadzionetsa yokha. Mango oyamba amakwera kuchokera kunyanja, ndipo usipa wa ku Nkhata Bay umafika limodzi ndi nthochi ndi chinangwa. Chilimwe chikamapita kumapeto, amayi amatulukira ndi madengu a masuku pamutu. Kenaka tsiku lina masana mitambo imachita bii, chizimalupsa n'kugwa, fungo la dothi lonyowa n'kudzaza mzinda wonse.

Palibe chimodzi mwa izi chimene chingalembedwe m'nyuzipepala. Koma taganizirani za suku. Mtengo wa msuku umamera wokha m'tchire. Palibe anaufesa, palibe anauthirira, palibe anauthira feteleza. Komabe chaka ndi chaka umagwetsa zipatso zotsekemera, zoti mwana wa wolemera ndi mwana wa wosauka atole mofanana. Werengani Machitidwe 14:15-17. Pamene Paulo anafuna kuonetsa anthu a ku Lustra kuti Mulungu wamoyo alipo, anawakumbutsa za mvula, za nyengo za zokolola, za chakudya ndi za chimwemwe cha mumtima. Kwa mtumwiyo zinthu wamba zimenezi zinali mboni za Mlengi. Ndipo pa Genesis 2:9 timaona kuti mitengo ya mu Edene inapatsidwa zinthu ziwiri, kukoma m'kamwa ndi kukongola m'maso. Mulungu akadafuna akadatidyetsa chakudya chopanda kukoma, nativeka dziko la mtundu umodzi. Kukoma kwa suku kunachokera m'maganizo a Mulungu uchimo usanalowe.

Chozizwitsa chimene chinazolowereka

Werengani Eksodo 16:14-30 ndi Numeri 11:4-9. Tsiku loyamba limene mana anagwa, Aisrayeli anazizwa nafunsana kuti chinali chiyani. Anagwa masiku asanu ndi limodzi pa mlungu kwa zaka 40. Tsiku lachisanu ndi chimodzi munthu ankatola miyeso iwiri, ndipo wosungira Sabata sankavunda, chinthu chimene chinabwerezedwa pa Masabata oposa 2,000. Koma sipanapite nthawi yaitali anthu anayamba kunyansidwa nawo, nalirira nsomba, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo za ku Aigupto, dziko limene linawagwiritsa ukapolo.

Mana sanasinthe. Chimene chinasintha ndi maso a anthu. Mphatso ikabwera kamodzi timaitcha chozizwitsa. Ikabwera tsiku ndi tsiku timaleka kuiona. Munthu wa ku Katoto amene amatsegula mpopi, madzi ochokera ku damu la Lunyangwa n'kutuluka, salingalira za mvula imene inagwa m'mapiri miyezi yapitayo. Amakumbukira madziwo tsiku limene mpopi wauma. Chotero kukhulupirika kwa Mulungu, kumene kukadayenera kuchulukitsa chiyamiko chathu, ndi kumene timakusandutsa chifukwa choiwalira. Mbale amene wapulumuka pa ngozi mumsewu wa ku Chikangawa walandira chifundo chachikulu. Koma amene wadutsa msewu womwewo maulendo makumi awiri osaona ngozi walandira chifundo maulendo makumi awiri.

Kusayamika ndi tchimo lachete, koma lili ndi ana ambiri: kung'ung'udza, nsanje, ngongole zosafunikira, ndi mkwiyo wa m'banja. Mwamuna amene saona ubwino wa nsima ndi ndiwo zamasamba zimene mkazi wake waphika, posachedwa adzalekanso kuona ubwino wa mkaziyo. Mbadwo umene unanyoza mana ndi womwewo umene unakana kulowa m'Kanani.

Nanga za masiku a Nowa?

Wina m'kalasi anganene kuti: Kodi Yesu sanachenjeze kuti anthu a m'masiku a Nowa ndi a Loti anali kudya, kumwa, kugula, kugulitsa, kubzala ndi kumanga kufikira chionongeko chinawadzidzimutsa? Funsoli ndi loona, ndipo tisalithawe. Werengani Luka 17:26-30. Zonse zimene Ambuye anatchula pamenepo ndi ntchito wamba za chilimwe chilichonse. Palibe choipa mwa izo zokha, pakuti Nowa nayenso anadya, anamanga, ndipo ana ake anakwatira. Kusiyana kunali kwakuti ena analandira mphatso naiwala Wopatsa, kufikira mphatsozo zinadzaza malo onse mumtima. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Choncho muyeso si kukula kapena kuchepa kwa chosangalatsacho, koma kumene chikutembenuzira nkhope yathu. Werengani 1 Timoteo 4:4, 5 ndi 6:6-8, 17. Paulo akuphunzitsa kuti cholengedwa cha Mulungu chilandiridwe ndi chiyamiko, ndi kuti chiyembekezo chathu chikhale pa Mulungu, osati pa chuma. Mungathe kudziyesa motere. Kodi ndingagwade ndi kuyamika Mulungu chifukwa cha chinthu ichi popanda manyazi? Kodi chikusiya thupi langa ndi maganizo anga zili bwino? Kodi chitachotsedwa mawa, ndingapitirire kupemphera? Chosangalatsa chimene chapambana mafunso atatuwa ndi mphatso. Chimene chalephera chayamba kusanduka fano.

Mbiri ya mpingo wathu ili ndi phunziro pa nkhaniyi. Mu 1844, pakati pa okhulupirira a ku America amene anayembekezera Yesu pa 22 Okutobala, ena anasiya mbewu zawo m'munda osakolola. Chikhulupiriro chawo chinali choona mtima, koma tsikulo linadutsa, ndipo otsalawo anayenera kuphunzira kudikira ali pa ntchito. Ana awo auzimu anamanga sukulu ndi zipatala, nafika mpaka kuno kwathu, kumene ntchito ya ku Malamulo inayamba mu 1902. Kudikira Ambuye sikutanthauza kudana ndi dziko limene Iye analenga. Pa Yesaya 65:21, 22 dziko latsopano likufotokozedwa ngati malo omanga nyumba ndi kukhalamo, olima minda ndi kudya zipatso zake. Ngati sitinaphunzire kukondwera ndi zotere kuno, kodi kumeneko tidzakondwera ndi chiyani?

Dengu limene Amosi anaona

Pali chotsutsa china cholemera kuposa choyamba. Wina angati: N'kosavuta kulankhula za mango ndi mthunzi pamene mimba ili yokhuta. Chilimwe chomwechi ndi nthawi imene ufa umayamba kuchepa m'nyumba zambiri ndipo mtengo wa chimanga umakwera. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mabanja ambiri anaona ndalama yawo ikusungunuka m'manja. Mvula imene timaiyembekezera ndi chimwemwe ndi yomweyo imene inagwetsa nyumba m'madera ena a Mzuzu mu Epulo 2016. Kodi kuuza wosauka kuti akhutire ndi zazing'ono si njira yomutsekera pakamwa?

Werengani Amosi 8:1-7. Amosi anali woweta nkhosa wa ku Tekowa, wosamaliranso mitengo ya nkhuyu, amene analalikira m'masiku a Yerobiamu wachiwiri, nthawi imene Israyeli anali pa ulemerero. Mulungu anamuonetsa dengu la zipatso zakupsa za nyengo yotentha. M'Chihebri liwu la chipatso chotere ndi qayits, ndipo liwu la chimaliziro ndi qets. Mawu awiriwa amamveka mofanana, ndipo uthenga unali wakuti mtunduwo wapsa, wayenera chiweruzo. Chifukwa chake chinali kumsika. Amalonda anali kuchepetsa muyeso, kukweza mtengo, kunyenga ndi sikelo, ndi kugulitsa mungu pamodzi ndi tirigu. Ndipo, chimene chiyenera kutiopsa ife osunga Sabata, anthuwo ankasunga Sabata, koma ali ndi mtima wofuna kuti lithe msanga kuti akatsegule malonda.

Dengu lomwelo lingakhale dalitso, lingakhalenso mboni yotitsutsa. Zimatengera m'mene ladzazidwira ndi amene akudyako. Chiyamiko choona sichitseka pakamwa pa munthu. Chimatsegula maso ake. Amene wamvetsa kukoma kwa madzi ozizira masana a mu Okutobala ndi amene angazindikire ludzu la mnyamata wa sakaramento amene wamukweza chitunda pa njinga. Sadzamunyengerera kuti atsitse mtengo kufikira thukuta lake likhale laulere. Sadzapondereza mayi wa masuku amene wayenda mtunda wautali ndi dengu pamutu. Akakhala wogulitsa, sadzaphwanya pansi pa chigoba choyezera chimanga, kapena kubisa tomato wovunda kunsi kwa mulu. Ndipo amene amayamika madzi a Lunyangwa sangakondwere kuona mitengo ya m'Kaning'ina ikusanduka makala.

Pa Mateyu 10:42 Yesu analonjeza mphotho kwa wopatsa chikho cha madzi ozizira. Anasankha chinthu chimene ngakhale wosaukitsitsa angathe kupereka. Kupatsa n'kuika. Zosangalatsa zazing'ono zili ndi ubwino uwu, kuti zimagawika: mango awiri pa mpanda kwa mnansi, mpando pamthunzi kwa wokalamba, mbale ya nsima kwa wophunzira wa ku yunivesite ku Luwinga amene kwawo ndi kutali. Wosauka sakuuzidwa kuti atonthole. Amene ali nazo ndi amene akuuzidwa kuti atsegule dzanja.

Sukulu ya mlungu ndi mlungu

Kuona zinthu zazing'ono ndi luso lophunziridwa, ndipo Mulungu anatipatsa tsiku loliphunzirira. Lachisanu m'chilimwe, dzuwa limalowa mu Mzuzu nthawi isanakwane 6 koloko. Pa ola limenelo chikombole cha njerwa chimaikidwa pansi, sikelo imapachikidwa, ndipo banja limasonkhana. Kwa maola 24 sitipanga kanthu, sitigula kanthu, sitigulitsa kanthu, timangolandira. Sabata loyamba la Adamu linafika iye asanalime mzere ndi umodzi womwe. Anayamba moyo wake poyang'ana ntchito ya Wina ndi kukondwera nayo.

Werengani Mlaliki 3:12, 13 ndi 5:18-20. Mlaliki anayesa chuma, nzeru ndi ntchito zazikulu, napeza kuti kudya, kumwa ndi kuona zabwino m'ntchito ya manja ndi mphatso yochokera kwa Mulungu. Anaonanso kuti ngakhale mphamvu yokondwera nazo imachokera kwa Iye, pakuti alipo ena amene ali ndi nkhokwe zodzaza koma chakudya sichiwakomera. Ndipo Ambuye wathu atauka kwa akufa, atagonjetsa manda, ophunzira anam'peza m'mbali mwa nyanja m'mamawa atasonkha moto wa makala, pali nsomba ndi mkate (Yohane 21:9-13). Ngati Mfumu ya ulemerero sinanyoze kadzutsa, wotsatira wake asanyoze tsiku wamba.

Moyo wa munthu uli ndi masiku aakulu owerengeka. Otsalawo, zikwi ndi zikwi, ndi masiku onga a chilimwe chino, ndipo khalidwe limene tidzaonekere nalo pamaso pa Yesu likuumbidwa m'masiku amenewa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mwa akhate khumi amene anachiritsidwa, mmodzi yekha anabwerera kudzagwada (Luka 17:11-19). Munthu amene sanazolowere kubwerera chifukwa cha suku, n'kovuta kuti adzakumbukire kubwerera chifukwa cha chachikulu.

Zoti mukambirane m'kalasi

Tchulani zinthu zitatu zazing'ono zimene mwalandira mlungu uno zimene simunazigwirire ntchito. Kodi munayamika pa nthawi yake?

Kodi tingasiyanitse bwanji kukhutira kumene Paulo akuphunzitsa ndi ulesi, kapena ndi kulekerera chisalungamo?

Amosi akadayenda mumsika wa Mzuzu Lachisanu masana, akadaona chiyani m'dengu la wogula ndi la wogulitsa wa Chiadventisti? Ndi ndani m'dera lanu amene kalasi lanu lingamugawire za m'dengu lake Sabata lisanafike?