Kodi Kunyadira Mtundu Wako Ndi Chimo?

Mwezi wathawu kunafika mlendo kuno ku Makokola, mnyamata Myuda wa ku Haifa m'dziko la Israyeli, ndipo pocoka anatisiyira mtsutso umene sunathebe pakati pa akulu a mpingo.

Anacokera ku Chembe kulinga ku Liwonde; koma poona kuti dzuwa la Lacisanu lapendeka, anatsika pamseu napempha pogona, pakuti Sabata lao liyamba polowa dzuwa, ndipo iye sayenda ulendo kufikira madzulo a Loweruka. Mkulu wina anamlandira. Amai a m'nyumbamo anaphika kampango, monga ticitira ndi mlendo wolemekezeka. Iye anathokoza, nakana, cifukwa cilamulo ca Mose pa Levitiko 11 cilola nsomba za mamba ndi zipsepse zokha. Atamuochera cambo anadya mokondwa, natiuza kuti m'nyanja ya Galileya muli nsomba zofanana naco. Nyanja yathu anazizwa nayo ndithu, pakuti ya Galileya italika mailosi 13 okha, ndipo yathuyi iposa 350.

Pamutu pace panali kacisoti. Anati m'mizinda ina ya ku Ulaya anakabisa m'thumba poopa cipongwe, koma cilowere m'dziko muno sanakabvule. Pano Asilamu ali nazo zisoti zao, ndipo ana angomuitana mzungu, osalabadira za kumutu. Anatinso kwao sakumbukira kawirikawiri kuti ali Myuda, popeza anansi ace ali otero. Koma pa ulendo, pakukhala yekha, ndipo pamene mtima wace unyadira makolo ace.

Mau awa ndiwo anakhumudwitsa mkulu womlandirayo. Iye ati kumeneko ndi kudzikuza, ndipo Paulo, polembera Afilipi, anawerenga ulemu wonse wa kubadwa kwace m'pfuko la Benjamini nauyesa cabe cifukwa ca Kristu. Mauwo ngolemera, ndipo sindiwapeputsa. Koma Paulo yemweyo, pa Aroma 11, sanaleke kudzichula Mwisrayeli. Cimene anacitaya ndico kuyesa mtundu wace cipulumutso, mtunduwo sanaukane.

Tiyeni tilingalire za kwathu. Anyamata athu ambiri a ku Mangochi amuka ku Johannesburg kukafuna nchito. M'caka ca 2008, ndiponso ca 2015, eni dziko ena anaukira alendo, natentha nyumba zao, napha ena, ndipo boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu ace. M'masiku otere munthu ameza cinenero ca amai ace, nayesa kulankhula Cizulu kuti asadziwike. Kodi timdzudzule? Ine ndikana. Estere anabisa mtundu wace m'nyumba ya mfumu pomvera Moredekai. Danieli ku Babulo anakana cakudya ca mfumu, napempheranso mazenera ali otseguka. Malembo saweruza mmodzi wa iwo. Komatu tsiku linafika lakuti Estere aulule, pamene kukhala cete kukadaphetsa abale ace. Kubisa kwa mantha a kanthawi nkwina. Kwina ndi kwa mcona uja amene, atapeza bwino, acita manyazi ndi mudzi umene unambala, nasintha dzina, naleka kulemba kalata. Uyo sadzicepetsa ai, wangonyoza amace.

Ayuda adziwa bwino mtengo wa nkhani iyi. Aroma anapasula Yerusalemu m'caka ca 70, ndipo mtunduwo unakhala wobalalika zaka mazana ambiri. Mu ulamuliro wa Hitler, kuyambira 1933 kufikira 1945, anawakakamiza kubvala nyenyezi yacikasu kuti adziwike, ndipo anaphedwa ngati 6,000,000. Agogo ace a mlendo wathu anapulumuka okha pa banja lao ku Poland. Tsono mdzukulu wao pobvala cizindikiro mwa kufuna kwace, osakakamizidwa, ine sindiona kudzikuza pamenepo. Ndipo ife Akristu tisamale pakamwa, pakuti Ambuye wathu anabadwa Myuda, ndi atumwi ace omwe.

Ngakhale kuli tero, mkuluyo sanalakwe konsekonse. Madzulo a Loweruka, tiri pakhonde, mnyamatayo anati palibe mtundu wina pansi pano umene unasauka monga wao. Apo ndinaona kunyada kuyamba kutseka maso. Ndinamuuza za makolo athu amene anamangidwa m'magoli, napitirira kwa Mponda kumka ku Kilwa, osabweranso, kufikira Angerezi anamanga Fort Johnston m'caka ca 1891. Iye anakhala cete nthawi, napempha kuti ndimfotokozere zonse, nazilemba m'kabuku kace. Sindinena izi kuti tiyese masautso pa muyeso, ngati kuti wolira kwambiri ndiye wamkulu. Ndinena kuti pamenepo ndipo ndinamdziwa mnyamatayo: anakana kampango osanyoza wakudya kampango, ndipo pouzidwa za maliro a eni ace anachera khutu. Ife tomwe, Mnyanja ndi Myao ndi Mngoni, kangati tikhoza kutero pochulana mitundu pa bwalo?

Mmawa mwace anakwera galimoto ya ku Liwonde, kacisoti kali pamutu. Mkulu uja anamperekeza kufikira pamseu, nampatsa cambo couma ca pa njira. Koma pobwera anandiuza kuti mau ace sanasinthe, ndipo adzawatula pa msonkhano wa akulu mwezi wa mawa.