Kodi Bwaloli Lili ndi Mphamvu Zondiweruza?

Munthu woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wofunsa ngati bwalo limene waimirira lili ndi mphamvu zomuweruza. Funsoli ndi lolemera, ndipo ine ndimakhulupirira kuti si mlandu uliwonse umene uyenera kulisenza.

Tiyerekeze mnyamata wa kabaza amene wagwidwa pa Migowi atakweza anthu atatu panjinga yamoto, alibe chisoti ngakhale chiphaso. Pofika pamaso pa majisitireti ku Phalombe, iye akuti njingayo anaigula ku Milange, ku Mozambique, choncho khoti la kuno lisamukhudze. Mwalamulo mfundoyi ilibe miyendo. Lamulo la pamsewu la 1997 limagwira aliyense woyenda pamsewu wa Malawi, ndipo mlandu umatsata kumene wachitikira, osati kumene njinga inagulidwa. Koma chimene chikundivuta ine si lamulo ayi. Kodi n'chilungamo kukana bwalo pamene mumtima ukudziwa kuti walakwa?

Kuti tiyankhe bwino, tikumbuke anthu amene anafunsa funsoli moyo wawo uli pachiswe. Mu 1983 a Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zachilungamo m'dziko muno, pamodzi ndi mayi Vera Chirwa, anaweruzidwa kuti aphedwe pamlandu woukira boma. Mlanduwo unazengedwa m'khoti la mafumu, mmene maloya sankaloledwa kuimira munthu. Iwo ananena kuti anachita kubedwa ku Zambia mu 1981, koma dandaulo lawo silinamveke. A Chirwa anamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo mayi Vera anatuluka mu 1993. Malamulo aakulu a dziko a 1994 atanena kuti munthu aliyense aziweruzidwa ndi bwalo loima palokha, anali kupoletsa mabala ngati amenewa.

Ufulu wogulidwa ndi misozi yotere suyenera kukhala pobisalira munthu amene akuthawa chindapusa. A Chirwa ankakana bwalo limene linawatsekera njira yodziteteza. Mnyamata wathuyu akukana bwalo limene lakonzeka kumumvera. Iye sakufuna bwalo lina loyenera. Akufuna kuti pasakhale bwalo lililonse. Pajatu mlandu suola: akauthawa lero, mawa udzamupeza pamsewu womwewo, mwina munthu atagona pansi.

Komabe sindikunena kuti munthu wamba atseke pakamwa. Pali malo pamene funsoli limafunikadi, ndipo pamenepo ambirife timakhala chete. Wovala yunifolomu akakuimitsa, n'kukuuza mlandu, n'kutchula ndalama, n'kuilandira popanda lisiti, ndiye kuti munthu mmodzi wasanduka wapolisi, majisitireti ndi msungichuma wa boma nthawi imodzi. Limenelo ndilo bwalo lopanda mphamvu. Chodabwitsa n'chakuti bwalo limeneli timaligwadira mwaulemu, pamene khoti lenileni timaliona ngati mdani.

Choncho kwa mnyamata wa kabaza ndinganene kuti: achimwene, ngati mukuona kuti simunalakwe, musapereke kanthu pansi pa mtengo, pemphani kuti nkhani ipite kukhoti, mukadziyankhire. Ngati munalakwa, vomerani, lipirani, tengani lisiti, mugule chisoti. Mayi amene mumamukweza atabereka mwana popita kuchipatala sadziwa kumene njinga yanu inagulidwa. Iye amangokhulupirira kuti pali lamulo limene inu mumaliopa.