Ukalakwitsa, tikakupeza kuti?

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino tikambeko za dokotala watsopano amene walowa m'mafoni mwathumu. Chibwerereni ChatGPT mu Novembala 2022, kenako Meta AI pa WhatsApp, ambiri ayamba kufunsa foni za matenda asanapite kuchipatala. Musawaseke. Mayi wa ku Limbuli mwana akatentha thupi amawerengera ndalama ya kabaza, mzere wa kuchipatala cha Muloza, ndi benchi yake imene itsale yopanda munthu tsiku lonse. Foni imayankha pompopompo, ndipo sikalipa.

Funso langa ndi ili: kodi n'koyenera kudalira mlangizi amene sangayankhe mlandu?

Ife amalonda timadziwa chimene chimasunga chilungamo. Ndikakugulitsani nyemba zofumbwa, mawa mundipeza pabenchi pomwepo. Sikelo ikamabera, a Malawi Bureau of Standards akhoza kuiyeza. Namwino naye ali ndi dzina ndi chiphaso, akalakwitsa pali kokadandaula. Nanga AI ikakusokeretsani, mukaipeza kuti? Ilibe benchi, ilibe mfumu, pamaliro sifika.

Komanso tidziwe mmene imagwirira ntchito. Imalumikiza mawu potsatira zimene inawerenga, zambiri za m'Chingerezi, za m'Chichewa zochepa kwambiri. Ikalondola kapena ikaphonya, kalankhulidwe n'kamodzimodzi, kolimba mtima. Singabaye chala kuyeza malungo, singaone kuti maso a mwana alowa m'kati. Ndiye mukazengereza chifukwa foni yati ndi chimfine chabe, malungo sadikira.

Sindikuti tiitaye ayi. Paja mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, chinationetsa kuti foni ikhoza kupulumutsa moyo. Koma mukaimba 54747, malangizo ake ndi a anthu ophunzira zaumoyo, ndipo ali pansi pa Unduna wa Zaumoyo.

Ndiye ine ndikuti kalumoka tikapereke m'manja oyenera. AI ithandize mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kulemba malipoti, kukumbutsa masiku a katemera, ndi kufotokoza mawu ovuta a m'buku la kuchipatala. Koma chigamulo chakuti mwanayu agone kunyumba kapena athamangire ku Boma chikhale cha munthu amene mawa tidzakumana naye panjira, n'kumuyang'ana m'maso.

Inu mukuona bwanji? Mwana wanuwanu mungamusiye m'manja mwa foni?