Mfundo Zofunika kwa Wotsogolera Msonkhano Woyamba wa Sprint

Gulu likayamba kugwira ntchito motsatira njira yotchedwa Scrum, chinthu choyamba kuchita ndi kukhala pansi n'kugwirizana zimene ligwire mu sprint. Sprint ndi nyengo yodulidwiratu, yosapitirira mwezi umodzi, ndipo magulu ambiri amasankha masabata awiri. Pamsonkhanowo pamakhala Product Owner, amene amasunga backlog, mndandanda wa zonse zoyenera kupangidwa. Pamakhalanso Scrum Master, pamodzi ndi eni ake ntchito, amene adzaigwire ndi manja awo. Malamulo a Scrum ndi ochepa. Scrum Guide, kabuku kamene Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland anatulutsa koyamba mu 2010 n'kukakonzanso mu November 2020, kali ndi masamba 13 okha, moti munthu akhoza kukamaliza minibasi isanadzaze. Povuta ndi pena. Msonkhanowu umafuna kuti anthu anene zoona pamaso pa akuluakulu awo, ndipo ambirife sitinaleredwe choncho.

1. Yambani ndi chifukwa, mndandanda ubwere pambuyo.

Msonkhanowu umayankha mafunso atatu: sprint imeneyi ili ndi phindu lanji, tingathe kumaliza ziti, nanga tizigwira bwanji. Oyamba kumene amalumpha funso loyambalo n'kuthamangira kutola ntchito pa backlog. Tiyerekeze kuti gulu lanu likupanga pulogalamu ya pa foni ya SACCO. Wina akufuna malipoti a akaunti, wina akufuna kusintha mtundu wa mabatani, abwana akufuna chizindikiro cha bungwe chizioneka chachikulu. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Cholinga cha sprint chikhale chiganizo chimodzi chimene aliyense angachinene osayang'ana papepala, monga chakuti: pofika Lachisanu la sabata yamawa, membala azitha kubweza ngongole kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba n'kulandira uthenga womutsimikizira. Ntchito iliyonse imene sikuthandiza chiganizo chimenechi idikire, ngakhale itakhala yokongola bwanji. Ngati gulu lalephera kugwirizana pa chiganizo chimodzi, musabise vutolo podzaza bolodi ndi timapepala.

2. "Inde bwana" wonenedwa mwaulemu akhoza kukhala bodza.

Apa ndi pamene misonkhano yambiri imafera, ndipo palibe amene amadziwa kuti yafa, chifukwa aliyense amatuluka akumwetulira. Wamkulu amayang'ana ntchito n'kunena kuti, "Iyi ndi ya masiku awiri, si choncho?" Mnyamata amene wangochoka ku koleji akudziwa bwino kuti khodi ya mbali imeneyo ndi yopiringizika, kuti amene anailemba anasiya ntchito, ndipo kuti masiku asanu ndi ochepa. Koma amayang'ana pansi n'kuyankha kuti, "Tiyesetsa, bwana." Palibe amene wanama mwadala. Komabe gulu lonse latuluka ndi nambala yabodza, ndipo makasitomala auzidwa tsiku lochokera pa nambala imeneyo.

Vutoli si la kwathu kuno kokha. Akatswiri a kaganizidwe ka munthu anaona kalekale kuti nambala yoyamba kutchulidwa imakoka manambala onse obwera pambuyo pake. N'chifukwa chake James Grenning, mmodzi mwa anthu 17 amene analemba Agile Manifesto ku Snowbird m'boma la Utah mu February 2001, anafotokoza mu 2002 njira yotchedwa planning poker, imene Mike Cohn anaifalitsa m'buku lake la 2005. Aliyense amakhala ndi makhadi a manambala monga 1, 2, 3, 5, 8 ndi 13. Product Owner akafotokoza ntchito, aliyense amasankha khadi mobisa, kenako onse amaonetsa nthawi imodzi. Wamkulu akaonetsa 2, mnyamata uja n'kuonetsa 13, sapeza nambala ya pakati n'kupitirira. Amaima, n'kufunsa wa 2 ndi wa 13 kuti afotokoze zimene aona. Nthawi zambiri mmodzi wa iwo amakhala akudziwa kanthu kamene ena onse sakukadziwa.

Makhadiwa si lamulo la Scrum, ndipo mulibemo mu Scrum Guide. Timapepala todula ndi lumo tikhoza kugwira ntchito yomweyo. Chofunika n'chakuti wamng'ono ayankhe asanamve yankho la wamkulu. Ulemu wathu ndi wabwino, sindikuunyoza. Koma ulemu umene ukuchititsa munthu kubisa zimene akudziwa umapweteka wamkulu yemweyo amene akulemekezedwa, pakuti ndiye adzachite manyazi pamaso pa kasitomala. Inu wotsogolera, mukaona munthu ali chete kwa ola lathunthu, mufunseni pomutchula dzina, ndipo mudikire mpaka ayankhe. Musamuyankhire.

3. Werengani masiku amene mulidi nawo.

Anthu 5 kwa masabata awiri ndi masiku 50 a ntchito, papepala. Tsegulani kalendala. Ngati sprint yanu ikudutsa pa tchuthi cha pa 6 July kapena cha pa 15 October, masiku 5 apita. Mmodzi ali ndi maphunziro masiku atatu. Wina ndi amene amayankha makasitomala akale pulogalamu yawo ikavuta, choncho theka la nthawi yake si lanu. Msonkhano wa mapulani womwewu, wa tsiku lililonse wa mphindi 15, ndi misonkhano iwiri ya kumapeto zimadyanso gawo lake. Ndipo sitinatchule magetsi kuthima, intaneti kuvuta, kapena uthenga wa maliro, umene subwera mopangana ndipo palibe munthu wanzeru amene angaletse mnzake kupitako. Mukawerenga moona mtima, 50 uja akhoza kutsika kufika pa 30 ndi kanthu. Konzani mapulani a masiku amenewo.

Pa sprint yoyamba mulibe mbiri yoti muyerekezere, choncho tengani zochepa kuposa zimene mtima ukukuuzani. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky analemba mu 1979 za chizolowezi cha anthu chochepetsa nthawi imene ntchito ingatenge, ngakhale atapsapo kale kambirimbiri. Nyumba ya zisudzo ya Sydney Opera House inayembekezeka kutha mu 1963 pa mtengo wa madola a ku Australia 7 miliyoni. Inatsegulidwa mu 1973, itadya 102 miliyoni. Amene anawerengera sanali mbuli. Gulu limene lamaliza msanga likhoza kutenga ntchito ina pa backlog tsiku lomwelo popanda wodandaula. Gulu limene lasenza zambiri limafika Lachisanu lili ndi zinthu 10 zoyambidwa, palibe n'chimodzi chomwe chatha.

4. Nambala ya kuyerekeza isasanduke chikwapu.

Mu 2011, olemba Scrum Guide anachotsa mawu osonyeza kuti gulu limalonjeza kumaliza zonse zimene lasankha, n'kunena kuti limangoyerekeza zimene lingathe. Anali ataona mmene mabwana ena ankagwiritsira ntchito lonjezolo pozunza anthu. Ron Jeffries, amene ambiri amati ndiye anayambitsa ma story points, manambala oyerekezera ntchito onga a pa makhadi aja, analemba mu 2019 kuti ngati anayambitsadi iye, ndiye kuti akupepesa. Zimene zimachitika n'zodziwika. Mukadzudzula gulu chifukwa lamaliza mapointi 20 m'malo mwa 30, sprint yotsatira ntchito ya 3 aitcha ya 5, ya 5 aitcha ya 8. Manambala akwera, lipoti likongola, koma ntchito ikhala yomweyo, ndipo inu simudzamvanso zoona. Kuyerekeza gulu lina ndi linzake pa mapointi n'kupanda nzeru kwenikweni, chifukwa 5 wa gulu ili si 5 wa gulu lija.

5. Gwirizanani lero kuti "zatha" ndiye kuti chiyani.

M'maofesi mwathu muli mawu okoma amene amabisa zambiri: "zatsala pang'ono", "ndangotsala ndi kakang'ono", "kwanga zikugwira ntchito". Kwanga ndiye kuti pa laputopu yake, pa WiFi ya mu ofesi, iye mwini akudziwa batani loyenera kudina. Koma membala wa SACCO uja ali ku Ntchisi, ali ndi kafoni kotsika mtengo kong'aluka galasi, netiweki ikubwera n'kuchoka. Wadina kuti alipire, foni yangozungulira, wadinanso, ndalama zachoka kawiri. Ntchito imeneyo inali itatha?

Scrum imafuna kuti gulu likhale ndi Definition of Done, mndandanda wa zoyenera kukwaniritsidwa chinthu chisanatchedwe chotha. Pa sprint yoyamba ukhale waufupi: mnzako wawerenga khodi yako, mayeso adutsa, chayesedwa pa foni yeniyeni, chaikidwa pamalo pamene Product Owner angachigwire yekha. Lembani ndi zilembo zikuluzikulu, mumate pakhoma. Chinthu chimene sichinakwaniritse zimenezi sichionetsedwa pamsonkhano wa kumapeto, chimabwerera pa backlog. Zimawawa kubweza ntchito imene munthu waivutikira masiku anayi, koma mukangolola kamodzi kuti "chatsala pang'ono" chiwerengedwe ngati chatha, mndandanda wa pakhomawo wasanduka chokongoletsera.

6. Wotsogolera achepetse pakamwa.

Munthu akapatsidwa mpando koyamba amafuna kuonetsa kuti akuyenera, ndiye amagawa ntchito: iwe tenga ichi, iwe icho. Scrum Master si kapitawo. Scrum Guide imanena momveka kuti amene adzagwire ntchito ndiwo amasankha kuchuluka kwa zimene angathe ndi mmene azigwirire, ndipo palibe wina wowauza. Maganizo amenewa ndi akale kuposa Scrum yomwe. Mu 1986, Hirotaka Takeuchi ndi Ikujiro Nonaka analemba mu Harvard Business Review zimene anaona ku makampani monga Honda, Canon ndi Fuji-Xerox, kumene magulu opanga zinthu zatsopano ankapatsidwa cholinga chovuta n'kusiyidwa kuti apeze okha njira. Munthu amasamalira ntchito imene wadzisankhira mosiyana ndi imene wasenzetsedwa. Ntchito yanu ndi kufunsa mafunso, kusunga nthawi, ndi kuonetsetsa kuti ntchito zikuluzikulu zaduladulidwa kukhala tizigawo ta tsiku limodzi kapena kucheperapo.

7. Lemekezani nthawi ya anzanu.

Malire a msonkhanowu ndi maola 8 pa sprint ya mwezi umodzi, ndipo ya masabata awiri ambiri amaipatsa maola osapitirira 4. Msonkhano ukatalika kuposa apo, nthawi zambiri ndiye kuti Product Owner wabwera ndi backlog yosakonzeka. Khalani naye pansi dzulo lake. Mawu otsegulira a mphindi 40 asungireni tsiku lina.

8. Phunzirani kukana sprint isanayambe.

Lachitatu masana pa WhatsApp padzabwera uthenga: "Achimwene, kanthu kakang'ono chabe, mungondiikirako." Udzachokera kwa munthu amene simungamukane mosavuta, mwina mkulu wa dipatimenti ina, mwina kasitomala amene amadziwana ndi abwana. Mudzachita bwanji? Funso limeneli liyankhidwe pamsonkhano, anthu mitima ili m'malo. Product Owner ndi munthu mmodzi, si komiti, ndipo pempho lililonse lizidutsira kwa iye. Iye akaona kuti n'lofunikadi, akambirane ndi gulu kuti chichoke n'chiyani kuti chatsopanocho chilowe, bola cholinga cha sprint chisagwedezeke. Cholingacho chikatha ntchito, ndi iye yekha amene ali ndi mphamvu yothetsa sprint.

Yankho labwino kwa wopemphayo si "ayi" wouma. Ndi kumuuza kuti pempho lake lalembedwa, ndipo tsiku lakutilakuti gulu lidzaliona. Masabata awiri si ambiri. Abwana akati akuwonjezerani anthu kuti zonse zitheke, kumbukirani zimene Fred Brooks, amene anatsogolera ntchito yaikulu ya mapulogalamu ku IBM, anafotokoza mu 1975: anthu atsopano pa ntchito yochedwa kale amaichedwetsa kwambiri, chifukwa akale amasiya ntchito n'kumaphunzitsa atsopanowo.

9. Mapulani oyamba sadzagwirizana ndi zimene zidzachitike, ndipo muuzeni aliyense zimenezi msonkhano usanathe.

Anthu akadziwa kuti kuphonya pa sprint yoyamba sikubweretsa kalata yochenjeza, amalankhula momasuka. Phindu lenileni la sprint imeneyi ndi nambala yoona yoyamba imene gulu lidzakhale nayo. Musanatuluke m'chipindamo, wina awerenge mokweza cholinga cha sprint, ndipo funsani aliyense payekhapayekha ngati akukhulupirira kuti n'chotheka. Wina akazengereza, chotsanipo ntchito imodzi pomwepo. Kenako lembani masiku amene munawerenga ndi ntchito zimene mwatenga, musunge pepalalo. Pakatha masabata awiri mudzalifuna pa retrospective, pamene gulu lidzafunsane kuti linaphonya pati, ndipo msonkhano wachiwiri wa mapulani mudzauyambire pa nambala imene mwakwanitsadi.