Petro ndi Yudasi

Kodi Mkhristu akachimwa, chipulumutso chimamchokera? Funsoli linagaŵanitsa akuluakulu a mpingo ku Dort mu 1618 ndi 1619. Otsatira Calvin anati wosankhidwa ndi Mulungu angagwe, koma sangatayike. Otsatira Arminius anati angatayike ndithu. Ife a ku Nkhoma tinakulira m'chiphunzitso choyambacho, komabe ine chimandisoŵetsa tulo.

Taganizirani anthu aŵiri aja. Petro anakana Ambuye katatu. Yudasi anaŵagulitsa ndi ndalama zasiliva 30. Onse anamva chisoni, Yudasi mpaka anabweza ndalamazo. Nanga anasiyana pati? Pa kukula kwa tchimo? Ndikukayika. Petro anadikira mpaka anaonananso ndi amene anaŵalakwirawo. Yudasi anadziweruza yekha, nadzimangirira. Mukandiuza kuti Yudasi sanasankhidwe chiyambire, ndingadziŵe bwanji ndisanafe kuti mwa aŵiriŵa ine ndine uti?