Mzinga ndi Amene Anausenza

Mmisiri wa ku Ndirande akapeza chitsulo amayamba wachinyamula kuti amve kulemera kwake, kenako n'kuona ngati chingatuluke mbaula, geti kapena wilibala. Ndimalakalaka nditamva zimene akananena ataona mzinga umene anthu a ku Russia anapanga mu 1915 pa fakitale ya Obukhov ku Petrograd. Kukamwa kwake kunali mamilimita 305. Chipolopolo chimodzi chinkalemera makilogalamu 377, kuposa matumba asanu ndi awiri a chimanga, ndipo chinkakagwa pa mtunda wa makilomita 13. Komatu chimzinga chimenechi sichinkasuntha chathunthu. Ankachiphwasula n'kukweza zidutswa pa sitima ya pamtunda, ndipo akafika ankayamba akumba dzenje n'kuyalamo mitengo yochindikala yoti chikhalepo.

Wopanga mzinga amakhala ataganiziratu chodzaunyamula. A ku Petrograd ankadalira njanji.

Kuno njanji inafika ku Blantyre mu 1908 n'kuthera pompo. Nkhondo ya chiwaya, yomwe ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, itayamba, mizinga yathu inali ing'onoing'ono, monga uja uli pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi. Unachokera pa sitima ya Guendolen, imene inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa 13 Ogasiti 1914. Panyanja mzinga unkayenda ndi sitima. Koma kupitirira Karonga, m'mapiri ndi m'madambo, gudumu, mtolo wa zipolopolo ndi thumba la ufa zinkakwera pamutu pa munthu. Amenewa ndiwo amtengatenga, anthu pafupifupi 200,000 a dziko lino. Ambiri anachita kugwidwa m'midzi. Kamwazi, chibayo ndi njala zinapha ochuluka kuposa amene anaphedwa ndi mfuti.

John Chilembwe anadandaula msanga, m'kalata ya mu Novembala 1914, kuti osauka akufera nkhondo ya eni. Mu Januwale 1915 anthu ake anabwera usiku ku Mandala kudzafuna mfuti, n'kubwerera ndi zochepa chabe.

Za mzinga wa ku Russia tikudziwa fakitale, chaka ndi kulemera kwake. Za munthu amene anagwa ndi katundu m'njira ya ku Karonga tikudziwa zochepa zedi, ndipo izi sizindisangalatsa. Ngati kwanu kudakali agogo amene anamva za mtengatenga kwa makolo awo, afunseni dzina la amene anapita, mulilembe.