Khadi la +4 ndi lamulo lomwe ndinalibisa



Holide yapitayi ndinali kumudzi ku Ntchisi, chakufupi ndi Malomo. Mukudziwa mmene kumazizirira kumapiri kuja mu June, Maghrib ikangodutsa aliyense amathamangira pamoto. Msuweni wanga wa ku Mponela anabwera ndi makhadi a UNO, ndiye tinkasewera atatu: ineyo, iyeyo ndi mchemwali wanga wa zaka 11. Ndalama panalibe, si juga ayi. Wotsala ndi makhadi ambiri ankangotsuka mbale ndi madzi ozizira aja.

Tsiku lachitatu mchemwali anaponya +4, msuweni n'kusanjikizapo +2 kuti makhadi 6 onsewo agwere ine. Ndinatulutsa foni. Ndinawaonetsa kuti mu May 2019 eni masewerawa analengeza pa Twitter kuti kusanjikiza kotereku n'kosaloledwa, woponyeredwa +4 atole makhadi 4 basi. Zinali zoona. Chomwe sindinanene n'chakuti masiku awiri onse aja tinkasanjikiza, ndipo ine ndinkaseka bwinobwino mtolo ukagwera wina.

Kenako ndinatsala ndi makhadi awiri, +4 ndi 7 wofiira. Pansi panali khadi lofiira. Lamulo limati +4 umaponya pokhapokha ngati ulibe khadi la mtundu womwe uli pansi. Ndinkalidziwa. Ndinaponyabe +4 kwa mchemwali, n'kuitana zofiira, ndipo ulendo wotsatira ndinamaliza ndi 7 uja. Msuweni, poti anali akadali wowawidwa, anawerenga kapepala ka m'bokosi n'kundigwira.

Ndinadziteteza ngati loya. Ndinati kapepala komweko kakuti woponyeredwa akhoza kutsutsa: woponya akapezeka wolakwa amatola 4, akapezeka wosalakwa wotsutsayo amatola 6. Ndiye poti mwanayu sanatsutse, mlandu palibe. Mchemwali anangoti, "Achimwene, ndikanatsutsa bwanji poti simunandiuze kuti zimatheka?"

Funso limenelo ndabwerera nalo kusukulu. Kodi munthu angakhale kumbali ya lamulo koma n'kukhalabe wachinyengo?

Anzanga ena akuti ndikukulitsa nkhani. Akuti ngati malamulo anaika chilango cha wogwidwa, ndiye kuti kunamiza ndi mbali ya masewerawo, ngati kunyengeza goloboyi pa penate. Mfundoyi ili ndi mutu. Koma goloboyi amadziwa kuti akhoza kunyengezedwa, analowa m'bwalo atavomera zimenezo. Mchemwali wanga sanavomere chilichonse. Ankasewera masewera omwe tinamuphunzitsa, pamene ine ndinkasewera ena amene ndinkawadziwa ndekha. Lamulo lomwe mmodzi yekha akulidziwa silikhalanso mgwirizano, limasanduka chida.

Ku madrasa tinaphunzira nkhani ya pambuyo pa nkhondo ya Khandaq, chaka cha 5 Hijri. Mtumiki (SAW) anauza Maswahaba kuti asaswali Asr mpaka akafike kwa Banu Qurayza. Nthawi inawathera panjira. Ena anagwira mawu mmene analili, sanaswali mpaka atafika. Ena anati cholinga chinali choti afulumire, choncho anaswali panjira pomwepo. Mtumiki (SAW) sanadzudzule gulu lililonse. Ndili mwana ndinkaimva ngati nkhani yoti kumasulira kulikonse n'kolondola. Pano ndikuiona mwina. Magulu onse awiri ankafunsa funso limodzi, loti wolamulayo ankafuna chiyani. Palibe amene anasankha tanthauzo poyang'ana lomwe limupindulire.

Ine ndinachita zosiyana. Pa nkhani yosanjikiza ndinakhala munthu wa mawu olembedwa, chifukwa mawuwo ankandipulumutsa ku makhadi 6. Pa +4 ndinasiya mawu omveka bwino aja n'kuthawira ku kampata ka kutsutsa. Usiku umodzi, kawerengedwe kawiri, ndipo konse wopindula anali ine. Apa ndi pomwe ndapezera muyeso wanga: tanthauzo lomwe ndikulimenyera lero, kodi ndikanalimenyera likanakhala kuti likundigwetsa? Ngati yankho ndi ayi, sindikumasulira lamulo, ndikungolibwereka.

Mwina mukuti ndi makhadi chabe. Zoona, koma ambirife ndife oyamba kufika ku yunivesite m'mabanja mwathu. Fomu ya ngongole ikabwera, kapena pepala la mgwirizano wa fodya kapena soya, makolo a ku Dowa ndi ku Ntchisi amatipatsa ife kuti tiwawerengere. Malamulo a banki mkhonde akavuta, amaitana "wasukulu uja". Amatikhulupirira kuti tiwerenga zonse, ndi mizere yomwe sitikuikonda yomwe. Ngati ndinatha kubisira mwana wa zaka 11 mzere umodzi chifukwa choopa madzi ozizira, nanga pakadzakhala munda wamasiye kapena ndalama za gulu?

Mbale zija ndinatsuka ndine. Mawa lake tisanagawe makhadi tinawerenga kapepala konse mokweza, n'kugwirizana kuti kusanjikiza tizilola, poti tonse timakukonda, ndipo +4 aliyense akhoza kutsutsa. Mchemwali ananditsutsa katatu usiku umenewo. Kawiri anatola makhadi 6 chifukwa ndinalibe mlandu, koma sanasiye kundiyang'ana m'manja. Kukayikira kumeneko ndinakubzala ndekha, ndipo mbale sizinakuchotse.

Allah atikhululukire pa zomwe timabisa m'manja.